Mbaula Pakhonde la Merv Tulloch

Ku Wirrabri kuno, mwamuna ukafika zaka makumi asanu mano akutsogolo ali onse, ndiye kuti sunakanganepo ndi Merv Tulloch. Bamboyu anayamba kugwetsa mitengo m'nkhalango ya bulugamu ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anali wamfupi, wa khosi ngati chitsa, wosakonda zolankhulalankhula. Amuna ena akapsa mtima amayamba ndi kutukwana, kuvula jekete, kwinaku akuponya maso m'mbali kuti mwina wina awagwira. Merv analibe nthawi yotaya choncho. Ankakugwira kolala ndi dzanja lamanzere n'kuipotokola mpaka mpweya kubanika, kenako lamanja n'kumagwira ntchito yake mwakachetechete, nkhonya zazifupizifupi, zonse pamalo amodzi. Pomwe ukutsitsimuka, iye ali kale pampando pake akumaliza mowa umene anausiya.

Omukomera mtima amati si iye, ndi bambo ake, amene ankamukwapula ndi lamba wa injini ya kocheka matabwa. Zoona, ankamukwapula. Koma m'tauni muno ndani sanakwapulidwe? Enafe sitinathere kuluma anzathu makutu. Merv analuma khutu la mnyamata wa timu ya kuchigwa pa mpira wa Loweruka, n'kulilavula pamapazi pa woimbira. Anathyolera kapitawo wake dzanja pachitseko cha lole. M'gulu lathu lozimitsa moto wa m'tchire, momwe mwamuna aliyense wa mphamvu zake amadzipereka, panalibe womuposa. Ankadziwa kumene moto ulowere usanatembenuke n'komwe, ndipo chaka chimene unanyeketsa theka la tauni, sukulu inatsala chifukwa cha iye. Patangopita sabata ziwiri anamuswa mphuno mkulu wa gululo pa nkhani ya payipi yopindidwa molakwika, ndipo Merv anachotsedwa m'gululo. Kundende analowako kawiri. Ulendo wachiwiriwo woweruza anamuuza kuti akadzaonekeranso pamaso pake, sadzatuluka msanga.

Zonsezi tinkaseka nazo ku bala. Zomwe sitinkaseka nazo ndi za kunyumba kwake, ndipo tinkazidziwa, tisanamizane. Nyumba ya Merv ndi yamatabwa, yoima pa mizati m'mbali mwa chitunda, ndipo kumbuyo kwake kuli khonde lalikulu la matabwa lomwe anamangira mkazi wake Glenys atangokwatirana. Pakhonde pomwepo ndi pamene anamenyera mwana wake mmodzi yekhayo, Heath, mnyamatayo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, chifukwa chosiya macheka a injini pamvula. Nsagwada inathyoka pawiri. Kwa sabata zisanu ndi imodzi mnyamatayo ankamwa msuzi ndi kapayipi, mano atamangidwa ndi waya, ndipo tsiku limene anamuchotsa wayayo anakwera basi ya ku Melbourne osatenga ngakhale jekete. Mwezi usanathe Glenys anamutsatira. Anakamwalirira komweko patapita zaka khumi ndi zitatu. Merv anapita ku maliro, n'kuima kumbuyo kwenikweni atavala suti yobwereka. Heath anamuyang'ana ngati akuyang'ana khoma. Pambali pake panali mkazi wamtali atanyamula khanda.

Panapita zaka zina zitatu. Merv anali atasiya ntchito, mawondo atatha, akungokhala ndi mowa wake. Ndiye tsiku lina m'mwezi wa Juni foni inalira.

"A Merv, ndine Sharna, mkazi wa Heath. Musadule foni, ndipo musandiyankhe kaye, ndimalize."

Sharna anapitiriza.

"Maisie wakwanitsa zaka zinayi. Kusukulu ya mkaka anzake onse ali ndi agogo aamuna, iye ndiye watitopetsa ndi mafunso. Tibwera pakatha sabata zitatu, Loweruka, tidzagona masiku awiri. Koma mumve bwino. Mowa ayi. Ndipo mukadzangokweza dzanja, kaya pa munthu, kaya pa chitseko, tidzanyamuka nthawi yomweyo, ndipo mwanayu simudzamuonanso mpaka kufa kwanu. Heath sakufuna n'komwe kubwera. Ndamukakamiza ndine, ndiye musandichititse manyazi."

"Ndamva," anatero Merv.

Kenako pa foni panamveka phokoso la kulimbirana, n'kubwera kamawu kakang'ono. "Agogo, kwanuko kuli moto? Ndikufuna kuwotcha maswiti ofewa aja pa kamtengo. Kuno akuti n'zoletsedwa."

"Moto uliko, mwanangu."

Foni itaduka, Merv anakhuthulira mabotolo onse mu sinki. Anachita mantha, munthu amene sanaopepo mwamuna mnzake. Kusiya mowa kunali kwapafupi. Koma manja akewo, amene ankanyamuka okha iye asanawatume, akanawamanga ndi chiyani kwa masiku awiri athunthu?

Panalinso nkhani ya motowo. Pabwalo la Merv palibe poima bwino. Ndi potsetsereka ponseponse, ndipo nyengo yozizira pamasanduka matope ndi minga ya mabulosi. Malo afulati ndi khonde lokhalo, matabwa a zaka makumi atatu ndi zisanu, ouma gwa pansi pa utoto. Kuno munthu akayatsa moto pakhonde la matabwa anansi amamuona ngati wapenga, ndipo salakwitsa, pakuti chaka cha moto chija tinaika m'manda anthu asanu ndi awiri. Merv ankadziwa zimenezi kuposa tonsefe. Awiri mwa iwo anawatulutsa m'galimoto yopsa ndi iyeyo.

Anapita kudzala la tauni n'kukatola mgolo wa m'kati mwa makina ochapira zovala, uja wachitsulo wa timabowo mbwee. Anauwotcherera miyendo itatu ya zitsulo za mpanda, yofika m'bondo, kuti matako a mgolowo asayandikire pansi. Pamatabwa anayala bolodi la simenti, pamwamba pake njerwa zotalikirana pang'ono kuti mphepo izidutsa, pamwamba pa njerwa masilabu anayi, ndiyeno thireyi ya mchenga yolandira makala ogwa. Anayeza ndi tepi, mamita awiri kuchoka pakhoma, awiri kuchoka pa kampanda ka m'mphepete mwa khonde, ndipo nthambi yomwe inkalendewera pamwamba anaidula. Anapanga chivundikiro cha waya wa maso ang'onoang'ono chotchinga timoto tothetheka. Kenako anatsikira kusitolo, n'kufunsa mayi wogulitsa kuti mwana wa zaka zinayi amatalika bwanji ndipo mkono wake umafika pati. Mayiyo, amene mwamuna wake samva khutu limodzi chifukwa cha Merv, anangomuonetsa ndi dzanja osatsegula pakamwa. Merv anabwerera n'kuzunguliza mbaula yonse ndi kampanda kachitsulo koti kadzanja kasafike.

Ntchito yonseyi inali ndi woonerera wake. Des Hartigan, wa nyumba yotsatira, anacheka naye mitengo zaka makumi atatu. Anali wowonda, wa pakamwa posatseka, ndipo Merv anamuchotsapo mano awiri ndi kumuthyola nthiti, koma m'mawa mwake Des ankabwerabe kudzapempha fodya. Ena amati ndi ubwenzi. Ine ndimati panalibe wina aliyense wofuna kukhala pafupi ndi awiriwo.

"Aise, ukumanga mbaula kapena tchalitchi?" anafunsa Des atatsamira kampanda, botolo lili m'manja. "Njerwa zonsezi! Ife kutchire timangokoka chipika, kapetulo pang'ono, fuu, tiyi wapsa."

"Kutchire kulibe khonde. Kulibenso mwana."

"Ha! Mwana! Wako uja unamulera ndi njerwa zingati?"

Merv anaima. Dzanja lamanzere linali litanyamuka kale. Des anabwerera m'mbuyo, mapewa atakweza mpaka m'makutu. Merv analiyang'ana dzanjalo, n'kulilowetsa m'thumba la buluku, n'kulisiya momwemo.

Mawa lake Des anabwera ndi wilibala yodzaza miyala yosalala ya kumtsinje, yoti azungulize mbaula ikongole. Imeneyo inali njira yake yopepesera. Merv anaikhuthulira kunsi kwa chitunda.

"Miyala ya mumtsinje imasunga madzi m'kati, chitsiru iwe. Ikatentha imaphulika. Sunaone momwe mwala wotere unaboolera diso la mnzathu Kelvin?"

"Ndakankha wilibala mtunda wonsewu, mdala, ngakhale zikomo?"

"Zikomo. Ndipo Loweruka usadzaponde kuno."

Madzulo atatu otsatizana Merv anayatsa moto waukulu kuposa womwe ankafuna kudzayatsa, ataika kandulo pansi pa njerwa, pafupi ndi matabwa penipeni. Tsiku loyamba kanduloyo inafewa. Anaphwasula zonse n'kuwonjezera mzere wina wa njerwa. Tsiku lachitatu anaitulutsa ili gwa, yozizira. Pambali anaika ndowa ya mchenga, ndowa ya madzi, ndi bulangete la ubweya wa nkhosa. Anaganizira chilichonse bamboyu, kupatula chimodzi. Sabata yomaliza inagwa mvula ya masiku asanu, mphepo inachotsa lona pa mulu wa nkhuni, ndipo iye anazindikira Loweruka m'mawa nkhuni zonse zitamwa madzi.

Alendo anafika masana. Heath anatuluka m'galimoto ali mwamuna wa zaka makumi atatu ndi zitatu, wamtali ngati mayi ake, wovala magalasi, wolankhula motsitsa. Ankaphunzitsa ana a sitandade wani. Sanapereke dzanja.

"Merv," anatero, ngati akupatsa moni munthu wokonza mapayipi.

"Heath."

Maisie ndiye analibe nazo ntchito zimenezo. Anatsika atavala kajekete kofiira ndi majombo achikasu, n'kuima patsogolo pa agogo ake, mutu atakweza.

"Agogo, mphuno yanu anaikhotetsa ndani?"

"Anthu ambiri, mwanangu. Ankasinthana."

Mwanayo anaseka, n'kumugwira chala, n'kumukoka kuti akamuonetse moto. Merv anayenda naye ngati wanyamula mazira. Chimwemwe chinamupweteka pachifuwa, ndipo sankadziwa kuti achiika pati.

Pakhonde Heath anaima kanthawi, maso ali pamalo ena pafupi ndi chitseko. Kenako anapita pa mbaula. Anagwada n'kusuzumira pansi pa njerwa, anagwedeza kampanda, ananyamula chivundikiro n'kuchibwezera.

"Mwamanga bwino," anatero. Amenewo anali mawu abwino oyamba amene Merv anamva kwa mwana wake m'zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

Cha m'ma folo koloko, dzuwa lisanalowe kuseri kwa phiri, Sharna anatulutsa paketi ya maswiti ofewa ndi timitengo, Maisie anakhala pa kampando kake, ndipo Merv anagwada kuti ayatse. Nkhuni zinakana. Zinkangolira tsii, kutulutsa thovu kumapeto ndi utsi woyera wowawa m'maso. Merv anasema tizidutswa ndi mpeni, anapemerera, anasuntha zipika, anapemereranso mpaka mutu kuzungulira. Maisie anayamba kutsokomola n'kumafunsa kuti moto ubwera liti.

Pomwepo pamasitepe panatulukira Des, paketi ya masoseji ili kukhwapa, fungo la mowa lili patsogolo pake.

"Odi kuno! Ine sindikhalitsa, ndangobweretsa ndiwo. Heath, mwana iwe, wakula! Magalasi ndi a chiyani, ukufuna uzioneka wanzeru?"

Merv anasiya kupemerera. Kumuthamangitsa Des ndi mawu okha sikunathekepo chiyambire, ndipo njira ina ija inali yotsekedwa. Sharna ankamuyang'anitsitsa.

"Asiyeni akhale, a Merv," anatero. "Masoseji tiwotcha."

"Muwotcha pa chiyani, mayi? Pa utsi?" anaseka Des. "Taonani, zaka makumi anayi m'tchire, katswiri wa moto, akulephera kuyatsa mbaula pamaso pa mdzukulu. Mdala, wakalamba. Ndikuthandize?"

"Usagwire kanthu," anatero Merv akudzuka movutikira. Anakumbukira kuti kunsi kwa nyumba kuli matabwa akale a mpanda, ouma bwino. Anatsika masitepe, n'kulowa pansi pa khonde chowerama. Kumeneko anaima pang'ono mumdima, akupuma mozama, n'kumadziuza kuti tsiku loyamba latsala pang'ono kutha.

Des sanadikire. Anathamangira kwake n'kubwerako ndi chigubu chofiira cha petulo wa macheka. Umu ndi momwe timayatsira moto kutchire m'mawa wa chisanu, ndipo palibe wa ife amene sanachitepo: kuwaza kapetulo pa nkhuni zonyowa, kuima patali, kuponya machesi. Koma umawaza pa nkhuni zozizira. Pansi pa utsi uja panali makala amoyo, amene Merv anawapemerera theka la ola. Des anadumpha kampanda, anachotsa chivundikiro, n'kupendeketsa chigubu.

"Des, ayi!" anakuwa Heath.

Phuu! Moto unakwera ndi petulo yemwe ankatsikayo mpaka kukamwa kwa chigubu. Des anakuwa, anachigwedeza, kenako anachiponya. Chinagwera pamatabwa, kunja kwa mchenga, kunja kwa njerwa, kunja kwa kampanda, n'kumagubuduzika chikusanza moto, cholunjika pa kampando ka Maisie.

Merv, ali pansi, anaona madontho a moto akugwa kudzera m'mipata ya matabwa. Sanadziwe momwe anakwerera masitepewo ndi mawondo ake aja. Anapeza Sharna atatsomphola mwana, mkono wa kajekete kofiira ukuyaka, Heath akuuzimitsa ndi zikhatho. Chigubu chinali chitafufuma, chikulira. Merv anachinyamula ndi manja ake awiri n'kuchiponyera kunja kwa khonde, ndipo chinakaphulikira m'matope kunsi kwa chitunda. Anafunyulula bulangete n'kuliponya pa matabwa oyaka, anagonapo ndi thupi lonse, anadzuka, anawaza mchenga, anapondaponda, anakokera bulangete pena, anagonaponso. Mphindi imodzi isanathe moto unali utazima. Panatsala utsi wakuda, fungo la utoto wopsa, ndi kulira kwa mwana.

Sharna anathamangira naye pampopi wa pakhoma n'kumuthira madzi pa mkono. Chilonda chinali chaching'ono, pafupi ndi kadzanja, koma tsitsi la mbali imodzi linali litawauka. Merv anayang'ana manja ake. Khungu la m'zikhatho linali litayera n'kusendeka, likulendewera.

Des anali atakhala pansi atatsamira mbaula, nsidze zitapita, nkhope ili bii. Anayamba kuseka, kuseka kuja kwa munthu amene mantha amusokoneza mutu.

"Eee, koma wayaka, si choncho? Palibe wafa, anthu inu. Katsitsi kamamera."

Merv anatembenuka. Chinthu chija chinabwera chonse, monga chinkabwerera nthawi zonse: makutu kutseka, maso kuona munthu mmodzi yekha, thupi kupepuka. Anasendera mapazi awiri. Des anasiya kuseka n'kuphimba mutu ndi mikono, pakuti ankaidziwa bwino nkhope imeneyo. Sharna, ali pampopi, anatembenuza mutu. Merv anaima pamenepo, mano atalumana mpaka limodzi kusweka. Kenako anagwada pa ndowa ya madzi n'kumiza manja onse awiri, n'kutseka maso.

Ndiye anamva phokoso limene ankalidziwa kuposa dzina lake. Khu. Khu. Khu.

Anatsegula maso. Heath anali atagwira Des pa kolala ndi dzanja lamanzere, ataipotokola mpaka lilime kutuluka, ndipo lamanja linkagwira ntchito yake mwakachetechete, nkhonya zazifupizifupi, zonse pamalo amodzi. Sankatukwana. Magalasi anali atagwa, iye osazindikira. Mphuno ya Des inaphwanyika, mlomo unang'ambika, mano otsala aja anagwera pamatabwa. Mutu wake unkamenya mwendo wachitsulo wa mbaula pa nkhonya iliyonse. Mikono yake inagwa, maso anatembenuzika, koma Heath sanasiye. Merv sanamuphunzitsepo mwanayo kumenya. Mnyamatayo anaphunzira ali kumbali yolandira.

"Heath! Umupha!" anakuwa Sharna.

Merv anakwawa ndi mawondo ndi zigongono, n'kudziponya pamwamba pa Des, chafufumimba, kumuphimba mutu ndi chifuwa chake. Nkhonya yotsatira inamupeza iye pakhutu. Anaganiza kuti Heath akaona kuti ndi ndani asiya. Heath anaona, ndipo ndi pamene anayamba zenizeni. Anamukoka bambo ake pa kolala n'kumutembenuza, n'kumumenya pakamwa, padiso, pakamwa pomwepo. Merv atagwanso pa Des, Heath anaimirira n'kuyamba mateche, m'nthiti, m'mimba, pamsana. Tsopano mawu anatuluka.

"Bwezani! Bwezani, Merv! Si inu mwamuna wa m'tauni muno? Pano pomwe, pakhonde lomweli! Macheka! Chifukwa cha macheka! Mayi anga akulira pachitseko apo, inu mukundiponda! Dzukani mundimenye, galu inu!"

Merv anamva nthiti ikuthyoka, kenako ina. Thupi lake linkadziwa chochita. Phazi la Heath linali pafupi, kulikoka kamodzi mnyamatayo akanagwa chagada, ndipo zotsalazo zikanakhala zachidule. Dzanja linayamba kupita lokha. Merv analibweza n'kulipanikiza kukhwapa, lina kukhwapa linalo, khungu lopsalo likumatirira ku malaya. Anagona pamwamba pa mnzake woledzerayo, akumeza magazi, n'kumawerenga mateche.

"Adadi, basi! Adadi!"

Heath anaima phazi lili m'mwamba. Maisie anali m'manja mwa mayi ake, madzi a pampopi akutayikira pansi, maso ali pa bambo ake. Heath anatsitsa phazi. Anayang'ana zibakera zake zong'ambika, anayang'ana anthu awiri ogona m'magazi, n'kupita pa kampanda ka khonde n'kusanza.

Sharna anaimbira ambulansi, mwana ali m'chiuno. Des ankapuma, mokoka ngati nkhumba, koma ankapuma. Merv anamugoneka cham'mbali ndi zigongono kuti magazi asamutsamwitse. Ambulansi kuno imachokera kuchigwa, ulendo wa mphindi makumi anayi, ndipo ikamva za ndewu siyenda yokha, imabwera ndi apolisi. Merv ankadziwanso chimene chimachitikira mphunzitsi wa ana aang'ono akapezeka ndi mlandu wovulaza munthu.

"Nyamukani," anatero, mawu akutuluka ndi thovu lofiira. "Dzerani msewu wakumtunda, musakumane nawo. Mwanayu mukamuonetse kuchipatala cha kutsogolo. Munachoka moto utangozima, zina simunaone."

Heath anatola magalasi ake. Ankalira ngati mwana, mamina ali chuchuchu.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi sindinamenyepo munthu. Ngakhale kukalipira mwana wa sukulu. Ndangokhala pakhomo panu maola anayi." Anapukuta nkhope ndi mkono. "Sindidzabweranso kuno. Sindingathe."

"Ndikudziwa. Bisa manjawo m'thumba."

Sharna anamukulunga Merv manja ndi mataulo onyowa, mofulumira, osamuyang'ana kumaso. Kenako anakalowetsa mwana m'galimoto. Merv anatsimphina kuwatsatira, akugwira khoma ndi phewa. Atafika pa windo lakumbuyo, Maisie anaona nkhope yotupa yamagaziyo n'kukuwa, n'kubisa mutu pansi pa mpando. Merv anabwerera m'mbuyo kuti asamuopsenso.

"Ndaona zonse, a Merv," anatero Sharna motsitsa, ataima pachitseko cha woyendetsa. "Simunakweze dzanja. Heath mtima ukadzakhala pansi, ine ndidzamubweretsa mwanayu ndekha."

Merv anapukusa mutu. Zomwe ankafuna kunena zinali zolemera kuposa nthiti zothyokazo.

"Ndi wamng'ono. Zomwe waonazi zidzasokonekera m'mutu mwake, adzasunga zomwe mudzamuuze. Akafunsa, muzimuuza kuti amene anamenya munthu ndi agogo. Adadi ankaleretsa. Muzimuuza choncho mpaka akhulupirire."

"Ndiye sadzafuna kukuonaninso."

"Ine akanandiona kawiri pachaka. Bambo ake azigona nawo nyumba imodzi tsiku lililonse. Asamawaope."

Sharna anatsegula chitseko. Analowa m'galimoto n'kuliza injini. Merv anaima pamsewu mpaka phokoso litazimiririka kuseri kwa mitengo, kenako anabwerera pakhonde n'kukhala pansi pafupi ndi Des.

Wapolisi amene anabwera ndi ambulansi anali Kerrigan, yemwe anamumangapo Merv kangapo konse. Anayang'ana matabwa opsa, anayang'ana nkhope ya Des pomwe ankamukweza pa machira, n'kupuma mokoka. Sanafunse kuti wachita ndani.

"Pa msinkhu wako uno, Merv?"

"Anandiwotchera khonde."

"Nanga nkhope yakoyi?"

"Anabweza. Lero wayesetsa."

Kerrigan anatulutsa unyolo, anayang'ana mataulo onyowa aja, n'kuubwezera m'thumba. Palibe amene anaganiza zoyang'ana ngati kunsi kwa mataulowo kunali zibakera zong'ambika. Des atatsitsimuka kuchipatala anauza apolisi kuti sakukumbukira kanthu, ndipo zoona zake anadzatiuza patapita zaka, ataledzera, akulira. Koma nthawi imeneyo ife a ku bala tinangogwedeza mitu n'kuti Merv ndi Merv, fisi sasintha mawanga, ndipo tinaseka nazo monga mwa kale.

Woweruza anamupatsa Merv zaka zitatu. Maisie tsopano ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo akuti akamva dzina la agogo ake amatuluka m'chipinda.